Wagwira Mbendera Pamsewu, Koma Anamuphunzitsa Ndani?

    

Lero tikambirane za munthu amene tonsefe tinamuonapo, koma dzina lake sitilidziwa. Amaima pamene akukonza msewu. Wavala lifulekita, nsidze zatuwa ndi fumbi, m'dzanja muli mbendera yofiira. Nthawi zambiri amakhala mayi kapena mnyamata wa m'mudzi wa pafupi pomwepo. Akatambasula mbendera, timaima. Akatikodola, timapita. Funso langa lero ndi limodzi, ndipo mulimva kangapo tisanasiyane. Kodi munthu ameneyu anamuphunzitsa ndani?

Zaka zimenezi takumana nawo kwambiri anthu a mbenderawa. Amene mumayenda mu M1 kuchokera ku Lumbadzi kudzera ku Kasungu ndi ku Jenda mukudziwa. Amene mumatsika ku Chiweta mukudziwa. A ku Lilongwe munawaona pamene ankakuza misewu ya mumzinda. Tinalira misewu yabwino, ndipo akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope ake ndi amenewa: fumbi, njira zokhotera kutchire, kudikira pamzere dzuwa likuswa mtengo. Zonsezi n'zopiririka. Chosapiririka ndi maliro amene akanapeweka.

Tiyambe ndi kuiona ntchito yeniyeniyo. Msewu wa mbali ziwiri autseka mbali imodzi. Yatsala njira imodzi, ndipo njira imeneyo akuifuna ochokera kumpoto, akuifunanso ochokera kummwera. Kumapeto kuno kwaima munthu, kumapeto uko kwaima mnzake. Pakati pawo mwina pali khona, mwina pali chitunda, sakuonana. Uyu akatsegula pamene mnzake watsegulanso, basi yodzaza ndi anthu ikumana maso ndi maso ndi thiraki ya simenti. Pothawira palibe. Uku kuli dzenje lokumba, uku kuli katapila.

Ndiye pali anzake a kumbuyo kwake. Awerama, akuyala phula, akusalaza miyala. Makina akulira, makutu sakumva kanthu. Msewu aufulatira chifukwa akhulupirira kuti kutsogolo kuli wina amene akuwapenyera. Moyo wawo auika m'manja mwa wa mbendera uja.

Tanenani inu omvera. Ntchito yotere ndi yongomupatsa munthu m'mawa n'kumuuza kuti, "Ima apo, galimoto ikabwera uzikupiza"? Ine ndikukana. Komatu ndi zimene ndinaona pamsewu wina. Kapitawo anaitana mtsikana pagulu la ofuna ganyu. Anamuveka lifulekita, anamupatsa kamtengo komangirira nsanza yofiira, n'kumulozera koima ndi chibwano. Maphunziro onse anathera pomwepo. Mtsikanayo anakaima pakati penipeni pa msewu, kuseri kwa khona, atafulatira kumene galimoto zikuchokera. Sikunali kupusa kwake ayi. Palibe amene anamuuza.

Tsopano tiwoloke nyanja, tikaone kumene ntchito imeneyi anaiika m'malamulo. Ku America kuli chigawo chotchedwa Washington. Sindikunena mzinda uja kuli likulu la dziko, koma chigawo cha kumadzulo kumene kuli mzinda wa Seattle. Kumeneko munthu saimitsa galimoto pamalo okonza msewu ngati alibe khadi. Kuti khadilo alipeze, ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa apo. Amakhala m'kalasi pafupifupi tsiku lathunthu, amalemba mayeso, ndipo ayenera kukhoza. Khadilo limakhala m'thumba nthawi yonse imene ali pantchito, pamodzi ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chake. Zikatha zaka 3, khadi latha mphamvu, abwerere m'kalasi. Zigawo za kufupi nacho, Oregon, Idaho ndi Montana, zinagwirizana ndi Washington kuti khadi la uku lizigwira ntchito uko.

M'zigawo zina za dzikolo malamulo amasiyanako. Ambiri amaphunzira kudzera ku bungwe lotchedwa ATSSA, limene maphunziro ake amatenga theka la tsiku. Koma gwero la zonse ndi limodzi. Boma la America lili ndi buku lalikulu la zizindikiro za pamsewu, lotchedwa MUTCD. M'buku limenelo muli mutu wathunthu wokamba za munthu mmodzi yekhayu: poima pake, chovala chake, ndi mmene angakwezere dzanja.

Mwamva bwino pamenepo? Tsiku limodzi. Si zaka za ku yunivesite ayi. Tsiku limodzi, mayeso, ndi khadi.

Nanga pa tsiku limenelo amaphunzira chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, ife kumanzere, koma galimoto ikagunda munthu imapha chimodzimodzi. Zimene ndinene tsopano zikhoza kupulumutsa wina mawa lomweli, ngakhale khadi alibe.

Choyamba ndi poima. Wa mbendera saima pakati pa njira imene galimoto zikuyenda. Amaima m'mphepete. Galimoto yoyamba ikaima, ndikutanthauza kuimiratu, matayala atasiya kuzungulira, ndi pamene angasendere pakati kuti a kumbuyo amuone. Chifukwa chake n'chosavuta. Sudziwa amene akubwera. Mwina akuwodzera, wachoka ku Beira dzulo osapumula. Mwina waledzera. Mwina maso ali pafoni. Mwinanso ndi munthu wabwinobwino, wakuona, waponda buleki, koma buleki yakana. Mbendera siimitsa galimoto, omvera. Woimitsa galimoto ndi dalaivala. Mbendera imangopempha.

N'chifukwa chake amamuphunzitsa kuti asanayambe ntchito ayang'ane pothawira. Zikavuta ndilumphira kuti? Ngati kumbuyo kwako kuli ngalande yakuya, kapena zitsulo za mlatho, kapena galimoto ya kampani yaimikidwa pomwepo, malo amenewo si ako. Pempha ena. Ndipo zikavutadi, taya chikwangwani, thawa, ukuwe. Ena amapatsidwa wezulo kapena hutala kuti achenjeze anzawo owerama aja nthawi ikadalipo.

Ndibwereze kuti zikhale m'mutu. Ima m'mphepete. Dziwa pothawira. Usafulatire galimoto yoyenda.

Za kufulatirazi, a ku Washington anaziganizira mpaka patali. Munthu ali ndi maso awiri, ndipo onse ali kutsogolo. Koma pamalo a ntchito ngozi imachokeranso kumbuyo. Tipa yatsitsa miyala, ikubwerera chafutambuyo, dalaivala wake sakukuona. Lamulo lawo limati bwana apeze njira yochenjezera wa mbendera za zobwera kumbuyo. Mwa njira zimene amatchula muli kagalasi komangirira pachipewa cholimba cha pantchito, kapena munthu wina wongoyang'anira kumbuyo. Kagalasi kakang'ono pachipewa. Pamenepo pakuonetsa kuti wina anakhala pansi n'kudzifunsa kuti, kodi munthu ameneyu angafe bwanji, ndipo tingatani kuti asafe?

Chachiwiri ndi kuoneka. Pano pali nkhani ya mtunda. Galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola, pamene dalaivala akuphethira ndi kusuntha phazi kupita pabuleki, iyo yapita kale kutali. Buku lija limati paliwiro lotere dalaivala ayenera kumuona wa mbendera akadali kutali kuposa bwalo la mpira limodzi ndi theka. Taganizani. Kuchoka pagolo ili kufika pagolo ilo, n'kuwonjezanso theka. Ndiye imeneyo ndi pamalo pathyathyathya. Nanga thiraki ya mafuta yotsika phiri mabuleki atatentha? Choncho kuseri kwa khona si poima. Kuseri kwa chitunda si poima. Pansi pa mtengo, pamthunzi wokoma uja, si poimanso, chifukwa mthunzi umabisa munthu. Izi n'zowawa, ndikudziwa, makamaka mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Karonga. Koma mankhwala a dzuwa ndi madzi akumwa, chipewa, ndi kusinthana nthawi ikakwana. Zimenezo ndi udindo wa bwana. Munthu wotopa, waludzu, amene waima chiimire kuyambira m'mawa, maso ake amayamba kunama.

Ndipo aime yekha. Kwathu kuno, pamene galimoto zaima pamabadwa msika. Pabwera a nthochi, a chimanga chootcha, a madzi ozizira, ndi ana ongoonerera. Wa mbendera amamira m'gulumo. Dalaivala wochokera kutali akungoona chigulu cha anthu, sakudziwa kuti amvere ndani. Ogulitsawo sindikuwada, akusaka ya ndiwo. Koma kapitawo wanzeru amawasonyeza malo awo chapatali, kuti pamene paima wa mbendera pakhale poyera.

Asanafike pa iye, dalaivala ayenera kukhala atawerenga kale zikwangwani. Kutsogolo kuli ntchito. Njira yatsala imodzi. Kuli munthu woimitsa. Wa mbendera asakhale chenjezo loyamba. Ndipo ntchito ikaima madzulo, zikwangwani zimene zasiya kunena zoona azichotse kapena aziphimbe. Chikwangwani chonama chimaphunzitsa madalaivala kunyoza zikwangwani zonse. Ngati ntchito ndi ya usiku, pamene waima munthuyo pawale ndi magetsi, ndipo chovala chake chizinyezimira galimoto ikamuunika.

Tifike pa chachitatu, chinenero cha manja. Mwina mudabwa kumva kuti ku America mbendera yeniyeniyo saikonda. Amailola pa zadzidzidzi. Chida cha tsiku ndi tsiku ndi chikwangwani cha pandodo, mbali ina chofiira cholembedwa STOP, mbali ina cha mtundu wa lalanje cholembedwa SLOW. Chifukwa chiyani? Chifukwa mbendera yokupiza imalankhula zinthu ziwiri nthawi imodzi. Inu madalaivala ndinu mboni. Ndi kangati mwafika pamalo a ntchito, munthu akukupiza mbendera uku ndi uku, inu osadziwa ngati akuti imani kapena akuti fulumirani? Wa kutsogolo waponda buleki, wa kumbuyo waponda mafuta. Chotsatira ndi phokoso la zitsulo.

Ndiye amaphunzitsa zizindikiro zitatu zokha, ndipo aliyense amachita mofanana. Poimitsa, yang'ana galimoto, tambasula mkono, chikwangwani chisagwedezeke, dzanja linalo likwere kupitirira phewa, chikhatho chiloze kwa dalaivala. Polola kupita, tembenuza chikwangwani, ukodole ndi dzanja lopanda kanthu. Pochepetsa liwiro, dzanja lomwelo lizikwera ndi kutsika pang'onopang'ono, chikhatho chitayang'ana pansi. Ngati uli ndi mbendera yokha, poimitsa uitambasule, ingoti zii, yonse ioneke. Polola kupita uitsitse, ukodole ndi dzanja. Mbendera sakodolera galimoto. Ndinenenso, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: mbendera sakodolera galimoto. Chofiira chikhale ndi tanthauzo limodzi basi.

Chachinayi ndi kumvana kwa awiri aja. Mutu umodzi susenza denga, inde. Koma osenzawo akapanda kumvana, denga limagwera anthu. Pa awiriwo mmodzi amasankhidwa kukhala mtsogoleri. Ngati akuonana, amagwirizana zizindikiro ntchito isanayambe. Ngati sakuonana, amalankhulana pa kawailesi ka m'manja. Ndipo mawu ofunika kwambiri tsiku lonse amakhala ngati awa: "Yomaliza ndi pikapu yoyera, yanyamula matumba." Mnzake satsegula mpaka aione pikapu yoyerayo ndi maso ake itamudutsa. Osati kuwerenga mphindi. Osati kungoganizira kuti pofika pano zatha. Aione.

Nanga batire likatha? Buku lija lili ndi njira ina imene ingagwire ntchito ngakhale kumudzi kopanda netiweki. Dalaivala womaliza pamzere amapatsidwa kambendera kuti akapereke kwa wa mbali inayo. Kambendera kakafika, njira yayera. Kakapanda kufika, palibe kutsegula. Pamene ntchito yatalika kwambiri amagwiritsa galimoto yotsogolera, yokhala ndi chikwangwani kumbuyo chouza ena kuti aitsatire. Imapita mzere uli pambuyo pake, imatembenuka, n'kubwera ndi mzere wina. Palibe amene amathamanga kuposa iyoyo.

Pali lamulo lina limene makolo athu analinena kalekale, kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ku Washington wa mbendera sapatsidwa ntchito ina pamene akuimitsa galimoto. Satumidwa kukatenga fosholo. Foni, mahedifoni, wailesi ya nyimbo, zonsezo n'zoletsedwa. Achinyamata, ndikudziwa kuti maola ndi aatali ndipo WhatsApp ili m'thumba. Koma pamene mukuyankha uthenga umodzi, thiraki imene inali kutali yafika.

Tsopano phunziro lovuta kuposa onse. Si la manja, ndi la mtima. Tamverani zimene munthu ameneyu amamva tsiku ndi tsiku. "Iwe, tatsegula apo tichedwa!" "Sisi, ndife ochepa, tangotilolani." "Ukundidziwa ine?" Wina watulutsa ya fanta pawindo. Wina wayatsa magetsi onse ngati wanyamula wodwala. Mtsikana wa m'mudzi, amene analeredwa kuti wamkulu sayankhidwa, waima pamaso pa bambo wa galimoto yaikulu, wa msinkhu wa atate ake. Mukuganiza kuti n'chapafupi kunena kuti ayi?

Apa ndi pamene maphunziro amaonetsa mphamvu yake. Munthu wophunzitsidwa amadziwa chifukwa chimene akukanira. Amayankha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kukubwera galimoto, dikirani pang'ono." Satukwana. Samenya galimoto ndi ndodo. Saima kutsogolo kwake kuti aitchinge ndi thupi. Wina akachita liuma n'kudutsa, iye amachenjeza anzake msanga, amasunga nambala, amauza kapitawo. Ambulansi ikabwera saitsegulira mwamantha. Amayamba wauza mnzake kuti atseke, njira iyere, kenako idutse. Akapupuluma, ambulansi ija ikumana ndi basi pakati, odwala achuluka.

Si ku America kokha. Abale athu amene muli ku Britain mukudziwa kuti kumeneko, pansi pa lamulo la 1991, pamalo pokumba msewu payenera kukhala munthu wa khadi, ndipo khadilo limatha pa zaka 5. Ndipo pano ndichenjeze achinyamata. Khadi la mbendera si viza. Wina akakutumizirani uthenga kuti lipirani, mupeze setifiketi ya pa intaneti, mukagwire ntchito kunja, sungani ndalama yanu. Khadi limasonyeza kuti ntchito mukuidziwa. Silikupatsani chilolezo cholowa m'dziko la eni.

Tibwerere kwathu. Ndikudziwa kuti wina pamene wakhalapo akuti, "Aaa, za ku America zimenezo, ife ndife osauka." Tiyeni tiwerengere limodzi. Kilomita imodzi ya msewu wa phula imadya ndalama zankhaninkhani. Tsiku limodzi la maphunziro, ndi bolodi, makoni ndi mphunzitsi mmodzi, lingadye zingati? Katapila sapatsa munthu wosaidziwa, chifukwa katapila ndi yodula. Nanga basi yodzaza ndi anthu ndi yotchipa?

Pali nkhawa ina imene ndikuilemekeza kwambiri. Wina akuti, "Mukangoti pakhale setifiketi, amayi a m'mudzi ntchito yawathera. Adzafuna MSCE, adzafuna Chingerezi, adzafuna ya fomu, ndipo mapepala achinyengo adzagulitsidwa kuseri." Nkhawa imeneyi ndi yoona. Taonapo mapepala akutsekera osauka kunja. Ndiye ine maganizo anga ndi awa. Maphunziro alipire ndi kontilakitala, osati wofuna ntchito. Achitikire komweko kumene msewu ukudutsa, m'chinenero cha pamalopo, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena. Mayeso akhale ochita, osati olemba okha. Ima apa. Imitsa galimoto iyo. Ndionetse pothawira pako. Ndine dalaivala wokwiya, ndiyankhe. Mayi amene sanapite patali ndi sukulu, koma ali ndi maso akuthwa ndi mtima wodekha, mayeso otere akhoza bwino lomwe.

Ndipo poyambira tili napo kale. Lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito linanena kuti olemba ntchito aziphunzitsa antchito awo za chitetezo ndi kuwapatsa zovala zodzitetezera. Lamulo la 2000 limakamba za chipepeso kwa wovulala pantchito. Tili ndi Roads Authority imene imapereka ntchito za misewu. Tili ndi TEVETA imene imayang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Tili ndi bungwe lolembetsa makontilakitala. Pempho langa kwa akuluakulu amenewa ndi loti akhale pansi, agwirizane phunziro limodzi ndi khadi limodzi, lodziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndipo woyendera ntchito akafika pamsewu, asamangoyeza kukhuthala kwa phula. Apitenso kwa wa mbendera akamufunse kuti, "Achemwali, anakuphunzitsani ndani? Khadi lanu lili kuti?"

Khadi limeneli mwiniwake lingamuthandize chiyani? Tamverani. Ntchito ya msewu imatha. Makatapila amakwezedwa pamathiraki, kampu imapasuka, fumbi limakhazikika. Mayi amene waima padzuwa zaka ziwiri osachititsa ngozi ngakhale imodzi amabwerera kumudzi wopanda chosonyeza. Kontilakitala wina akabwera m'boma loyandikana, iye akaimanso pamzere wa ganyu ngati sanagwirepo. Zimenezi zimandiwawa. Luso analipeza, koma latsalira pamsewu. Khadi likanayenda naye. Likanamupatsa pakamwa pokambira malipiro. Ku America kuja, amene wayambira pambendera akhoza kuwonjezera maphunziro, n'kukhala woika zikwangwani ndi makoni, kenako woyang'anira kayendedwe ka galimoto pamalo onse a ntchito. Makwerero alipo, ndipo mbendera ndi poyambira.

Palinso tsiku la tsoka. Ngozi ikachitika, chala chimaloza wamng'ono. Aliyense amati wa mbendera ndiye walakwa. Koma pakakhala lamulo la maphunziro, funso limakwera pamwamba. Anamuphunzitsa? Anamuimika pati? Zikwangwani zinalipo? Anali ndi cholankhulirana ndi mnzake? Mlandu umakafika kwa amene anayenera kukonza zinthu.

Tsopano nditembenukire kwa inu a pachiwongolero. Ku America, kumene ngozi zimenezi amaziwerenga mosamala, anapeza kuti ambiri amene amafa pamalo okonza msewu si antchito. Ndi madalaivala ndi okwera. Ndibwereze. Ambiri amene amafa ndi a m'galimoto. N'chifukwa chake chaka chilichonse, mwezi wa Epulo, amapatula sabata yokumbutsana nkhani imeneyi, ndipo m'zigawo zambiri chindapusa chothamanga pamalo a ntchito chimawirikiza kawiri. Choncho mayi uja akakuimitsani, woyamba amene akumuteteza ndinu.

A minibasi, kuthamanga sikufika. Musatuluke pamzere kukadutsira m'mbali. Mukatero atatu akutsatirani, njira ya obwera yatsekeka, kudikira kwa mphindi zochepa kwasanduka ola. A kabaza, mbendera imeneyo ikukhudzani inunso. Njinga yamoto yolowa pamene zatsekedwa ndi imene mnzake wa mbali ina sakuiyembekezera. Ndipo inu okwera, pakamwa muli napo. M'malo mokuwa kuti "adalaivala, tiyeni, tichedwa," nenani kuti "adalaivala, dikirani, atitsegulira." Nthawi yanu yodutsa ikakwana, dutsani pang'onopang'ono. Fumbi limene mukubutsalo amapuma ndi iyeyo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo timiyala totuluka m'matayala timamenya miyendo yake.

Pomaliza ndilankhule ndi inu achemwali, inu achimwene, amene mwamva kuti Lolemba akulemba anthu pamsewu wa kwanuko. Pitani, ntchito ndi yabwino, ndi yolemekezeka. Koma safunsa anadya phula. Musanalandire mbendera, funsani akapitawo mwaulemu. Ndiima pati, ndipo zikavuta ndithawira kuti? Mnzanga wa mbali ina ndi ndani, tizilankhulana bwanji? Ndikafuna madzi kapena kupita kuseri, andilandira ndani? Funsaninso ngati dzina lanu lalembedwa m'buku la antchito, chifukwa tsiku lovulala buku limenelo ndi limene lidzakuchitireni umboni. Ngati kampani yakuphunzitsani, ngakhale kwa maola ochepa, pemphani kalata yosainidwa, yokhala ndi tsiku ndi chidindo. Muikulunge m'pulasitiki, muisunge pamodzi ndi chiphaso cha unzika. Ndipo mukaima pamalo anu, musachokepo mpaka wina abwere adzakulandireni, ngakhale msewu utaoneka ngati mulibe galimoto.